Nsapato za Atata pa Khonde

Nsapato zija zinali zakuda, zomanga ndi zingwe, ndipo ya kumanzele inali yodyeka chidendene chifukwa atata ankakoka mwendo pang'ono poyenda. Anazisiya tsiku lomwe anakwela basi kupita ku migodi. Ati kumeneko kampani imapatsa majombo, izi n'za ku tchalitchi, ndidzazipeza. Mau amenewa sindinawamve ndi makutu anga, ndinali wamng'ono. Anandiuza ndi amama, ine n'kuwasunga ngati ndinalipo. Nkhope ya atata ndimaikumbuka mwa apo ndi apo, koma nsapatozo, ngakhale mutandidzutsa lelo lino, ndingakujambulileni mpaka kamng'alu komwe kanali pafupi ndi chala chaching'ono.

Loweluka lililonse, lomwe kwathu timati pa Chiwelu, ndinkazitulutsa kunsi kwa bedi m'mawa n'kupita nazo pa khonde. Amama ankasiya chilichonse chomwe akuchita, kaya akusesa kaya akusenda chinangwa, n'kukhala pansi kuzipukuta. Zinali zaka zija zomwe zinthu zinkasowa m'masitolo. Sopo kulibe, shuga kulibe, saladi, mafuta ophikila aja, ukangomva kuti wafika ku Nyimba unkapeza mzele wafika kale kumseu, ndipo oyamba kugula anali okhala ndi khadi la chipani. Ndiye polishi wa nsapato mukanamupeza kuti? Amama ankapala mwaye kunsi kwa poto, n'kusakaniza ndi mafuta a nsatsi m'kachitini, n'kumapaka ndi kansanza ka malaya akale. Fungo lake ndimalimvabe, lolemela, la utsi, lokakamila m'zala tsiku lonse. Akatha ndinkaziika m'mphepete mwa khonde zitaloza kumseu, ndipo dzuwa likapendeka ndinkazibweza kunsi kwa bedi.

Mudzi wathu unali pafupi ndi Kacholola, pomwe mseu waukulu wochokela ku Lusaka umakwela ndi kutsika mapili. Malole ankalila pa chitunda mpaka kumvela chisoni. Mabasi ankaima pamenepo kuti anthu atambasule miyendo, ndipo amama ankagulitsa nthochi pa mawindo. Ine ndikaweluka ku sukulu ndinkathamangila komweko, ati kukathandiza. Kuthandiza kwanji! Maso anga sankakhala pa nthochi, ankakhala pa chitseko cha basi. Mwamuna aliyense wotsika ndi sutikesi ndinkamuyang'ana mwendo wa kumanzele. Nthawi imeneyo asilikali ankasecha mabasi pa mlatho wa Luangwa chifukwa cha nkhondo za maiko oyandikana nafe, moti basi inkafika nthawi yomwe yafunila, ina m'mawa, ina tsiku lotsatila. Ndinkangokhala jegwejegwe, khutu kumseu. M'kalasi ndikamva hutala ya basi kutali, samu yonse inkathawa m'mutu.

Ndikafunsa amama kuti atata abwela liti, ankati, "Pemphela, mwana wangu," n'kupitiliza nchito yao. Ndikafunsa amalume, ankati za ku migodi n'zakutali. Amalumewa anali mlongo wao wa amama, wamkulu, ndipo mwa mwambo wathu ndiwo anali mwini wa ife. Analinso mkulu wa mpingo. Anali munthu wamfupi, wa mau aakulu, woti akamapemphela ankayambila kwa Abulahamu n'kudzafika pa ife miyendo itachita dzanzi. Ndinkawaopa, ndipo kunena zoona sindinkawakonda kwenikweni.

Chaka chimenecho ndinali mu giledi sikisi, ndipo tinalandila aphunzitsi atsopano ochokela kumpoto kwa dziko. Anali mnyamata ndithu, woonda, wa suti ya safali imodzi yomweyo, yomwe ankachapa pa Chiwelu n'kuyanika pa mpanda. Chinyanja anachiphunzila ku koleji, ndipo pochiyankhula ankaponyamo "awe" ndi "mukwai" za kwao, ife n'kumaseka kuseli kwa manja. Chinsenga chathu cha kunyumba sankachimva n'komwe. Koma munthu uja ankakonda nkhani, mayo! Ena ankatiphunzitsa kulemba kalata yopempha nchito ndi mbili ya chipani. Iwo Lachisanu masana ankatseka buku la boma n'kutiwelengela tinkhani tatifupi, akuyenda uku ndi uku pakati pa mabenchi, kenaka n'kuima mwadzidzidzi. "Wolembayu wayambila pati? Chifukwa chiyani sanayambile pa kubadwa kwa munthuyu?" Ife tinkangoyang'anana. Tinali tisanaganizepo kuti nkhani ili ndi munthu amene amasankha poyambila.

Inali nyengo ya chilimwe chenicheni, mvula isanagwe, pamene akulu a mpingo anabwela ku sukulu. Sukulu yathu inali ya mishoni kale, boma linaitenga, koma tchalitchi chinali pomwepo, kungodutsa bwalo la mpila. Anapempha kuti pa Sondo ya ana, Lamulungu la mapemphelo a ana, masukulu asanatseke, mwana mmodzi adzawelenge nkhani yopeka yekha, mutu wake chikhulupililo. Aphunzitsi anasangalala ngati awakweza pa nchito. Anatiuza tonse tilembe, yoposa zonse ndiyo ikamveke m'tchalitchi.

Ine ndinadziwilatu kuti ndilemba za mai wodikila mwamuna wake. Ndinalemba momwe ndinkamvela amalume akulalikila, poti Chinyanja cha Mulungu chomwe ndinkachidziwa chinali chomwecho. Ndinati kalekale m'dziko lina munali mai wina woopa Mulungu, ndipo mai ameneyu anali ndi chikhulupililo chachikulu, ndipo ngakhale anakumana ndi mayeselo sanafooke, pakuti chikhulupililo chake chinali cholimba koposa. Ndinadzaza tsamba lonse ndi mau otele, ndipo ndinadziona kuti ndine wanzelu. Aphunzitsi anawelenga ataimilila pa desiki langa, bolopeni yofiila ili pakamwa.

"Awe mukwai," anatelo. "Mai uyu alibe manja? Sadya? Sakhala m'nyumba? Wandiuza kuti akhulupilila, wandiuzanso, wabwelezanso, koma ine sindinamuone. Usandiuze. Ndionetse chomwe amachita akadzuka m'mawa."

Anakhwatcha tsamba lonse ndi mzele umodzi wopingasa. Anzanga anaseka, ine misozi ili m'maso, mtima ukuti munthu wobwela uyu adziwa chiyani za Mulungu wa kuno. Ndinapita kunyumba nditakwiya, osadutsila n'komwe kumseu. Koma mau aja anandikhala m'mutu, chomwe amachita akadzuka. Pa Chiwelu pamene amama ankapala mwaye kunsi kwa poto, ndinawayang'ana ngati ndikuwaona koyamba. Ndinaona momwe ankalowetsela dzanja m'nsapato kuti isapindike, momwe ankauzila fumbi m'timabowo ta zingwe, momwe ankapukutila zala ku chitenje akatha. Ndinathamangila pansi pa mtengo wa mango ndi kope langa. Tsiku limenelo ndinalemba osaluma pensulo ngakhale kamodzi, ndipo mau oti chikhulupililo sanapezekemo paliponse.

Lolemba aphunzitsi anawelenga nthawi yopuma, panja, anyamata akumenya mpila wa nsanza pafupi nafe. Anafika pa mwaye ndi nsatsi n'kusiya kuwelenga. Kenaka anati, "Apa tsopano pali munthu." Sindinaiwale mau amenewo mpaka lelo, ndipo palibe chiyamiko china m'moyo wanga chomwe chinandifika pa mtima chotelo. Koma bolopeni ija inali isanagone. M'nkhanimo ndinali nditaikamo kamtsikana koimilila pa khonde. "Mwana uyu achita chiyani? Angoima n'kumayang'ana. Munthu wopanda nchito m'nkhani amangodya malo. Mchotse." Ndinamuchotsa osadandaula, poti sindinkamuwelengela. Chomwe chinandiwawa ndi chotsatila.

Nkhani yanga inkatha chonchi: pa Khilisimasi basi iima, mwamuna atsika ndi sutikesi ndi bulangeti latsopano, avala nsapato zija, apita ku tchalitchi ndi mkazi wake, mpingo wonse uimba. Aphunzitsi anazungulila ndime yonseyo ndi mzele wofiila.

"Basi iyi waiona? Zonse zapamwambazi unaziona ndi maso, n'chifukwa chake ndazikhulupilila. Izi wangozilakalaka. Nkhani ithele pomwe mai waika nsapato pa khonde n'kuyang'ana kumseu. Womvela adzamaliza yekha mumtima."

Ndinakana. Ine amene ndinali ndisanayankhepo mphunzitsi chibadwile, ndinati iyai. Iwo ankaganiza kuti ndikulilila ndime yanga monga amachitila aliyense wolemba, n'kuyamba kundifotokozela za mathelo otseguka ndi otseka, koma nkhani sinali pamenepo. Ndinali nditadziuza kuti nkhaniyi ndi pemphelo. Ikawelengedwa m'nyumba ya Mulungu, pamaso pa mpingo wonse, anthu n'kuvomela kuti Ameni, atata adzatsika basi pa Khilisimasi. Kuchotsa ndime ija kunali kuuza Mulungu kuti asavutike. Sindikanatha kuwauza zimenezi, ndinangolila. Iwo anandisisita pamutu n'kunena kuti nkhani yanga ndiyo yasankhidwa, ndikalembenso bwino popanda mathelo aja.

Masiku otsatila sindinkakhazikika. Kunkatentha mochititsa ukali. Nyenje zinkalila m'mitengo kuyambila m'mawa, mitambo inkasonkhana cha ku Mozambiki masana n'kubalalikanso osagwetsa kadontho, anthu atasosa kale minda akungoyang'ana kumwamba. Agalu ankagona m'maenje omwe akumba okha. Ine ndinkayenda ndi pepala langa m'thumba la yunifomu mpaka linafewa ndi thukuta. Ndinkaliwelenga popita kumjigo, ndinkaliwelenga kumseu pakati pa basi ndi basi. Tsiku lina ndinathila mchele kawili m'ndiwo, amama n'kufunsa ngati ndadwala. Sindinawauze zomwe ndalemba. Ndinkafuna adzazimve m'tchalitchi, adzadabwe, anthu adzadziwe kuti mai wa chikhulupililo chotele ali pakati pao pomwepa.

Lamulo linali loti mkulu wa mpingo ayambe wamva chilichonse chokawelengedwa kutsogolo, ndiye ndinapita kwa amalume. Ndinawapeza pansi pa mtengo akukhomela makasu m'mipini, kukonzekela mvula. Ndinawelenga ndi mathelo anga omwe, poti pepala loyamba ndinali ndisanalitaye. Poyamba ankangogogoda, khutu limodzi kwa ine. Nditafika pa nsapato, kugogoda kunaleka. Anaika khasu pansi n'kundiyang'ana nthawi yaitali, ndipo nkhope yao sinali yaukali monga ndinkayembekezela. Inali ngati ya munthu amene waponda munga koma safuna kuti ana aone.

"Mathelo ako ali bwino, asiye," anatelo. "Koma nsapatozo chotsa. Mwaye, nsatsi, khonde, zonse chotsa. Unene kuti mai wina wa m'dziko lakutali, wa ku Galileya kapena kwina. Nkhani ya m'tchalitchi sitchula za pa khonde la munthu."

Ndinati aphunzitsi anena kuti nsapato ndiye nkhani yake. Iwo anati aphunzitsi ako ndi mlendo. Ndinafunsa kuti cholakwika n'chiyani ndi nsapato za atata, iwo anatola khasu n'kuyambanso kugogoda. "Wamva zomwe ndanena," basi.

Ndiye taonani pomwe ndinali. Wina akuti sunga nsapato, taya mathelo. Wina akuti sunga mathelo, taya nsapato. Aliyense anali ndi ndodo yake, wina ya ku sukulu wina ya kunyumba. Ine ndinaganiza mwa nzelu za mwana wa giledi sikisi kuti akulu awiliwa aliyense waona theka, ndipo ine ndekha ndaona zonse. Popanda nsapato Mulungu akadziwa bwanji kuti mai wake ndi uti, poti amai odikila amuna a ku migodi analipo ambili m'boma lathu? Popanda mathelo akadziwa bwanji chomwe tikupempha? Ndinakopela nkhani yanga pa pepala loyela, nsapato zilimo, basi ya pa Khilisimasi ilimo. Aphunzitsi atafunsa ngati ndakonza ndinati inde, amalume atafunsa ndinatinso inde, ndipo kwa ine sikunali kunama chifukwa ndinalidi nditakonza.

Sondo ija kunacha kotentha kale. Tchalitchi chinadzaza, amuna mbali yao, amai mbali yao, ife ana pansi kutsogolo pa mphasa. Malata ankathetheka ndi dzuwa pamwamba pathu. Kunkanunkha thukuta, sopo wochapila wa anthu ochepa omwe anali naye, ndi mango omwe ana anabisa m'matumba. Amama anakhala pa benchi lachitatu, atavala bulauzi yao yoyela ya amai a mumpingo ndi duku. Aphunzitsi anali kumbuyo kwenikweni, m'suti yao ija. Amalume anali kutsogolo pa mipando ya akulu, ndipo ndiwo anaitana dzina langa.

Ndinaimilila kutsogolo n'kutambasula pepala langa. Ndinawelenga za mai wodzuka pa Chiwelu m'mawa, mwamuna wake ali ku migodi. Anthu ankadzipepelela ndi mabuku a nyimbo, ena akusinza monga mwa masiku onse. Nditanena kuti mai uja anapala mwaye kunsi kwa poto n'kusakaniza ndi mafuta a nsatsi, mabuku anaima. Nditanena za chidendene chodyeka cha kumanzele, ndinaona maduku akutembenuka, limodzi, kenaka lina, kenaka benchi lonse, kuyang'ana amama. Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Ndinati awazindikila! Aphunzitsi ananena zoona, apa pali munthu! Mai wina kumbuyo anati "Mayo!" chapansipansi, mtsikana wina anatseka pakamwa ndi chitenje mapewa akugwedezeka, mnzake n'kumugunda ndi chigongono. Sindinayang'ane kwa amalume.

Ndinafika pa mathelo ndikukweza mau monga amachitila alaliki. Basi inaima, mwamuna anatsika, anavala nsapato, mpingo unaimba. Ndinapinda pepala n'kudikila Ameni.

Sanabwele. Tchalitchi chathu chinali cha anthu ovomela ngakhale chilengezo cha kusesa pabwalo, koma tsiku limenelo kunangoti zii, malata okha akuthetheka. Kumbuyo munthu mmodzi anaomba m'manja, kamodzi, kawili, n'kuleka, anali aphunzitsi. Amama anali atawelama, akuwongola chitenje pa maondo ao, kuwongola, kuwongolanso, pomwe chinali chowongoka kale. Kenaka amalume anaimilila n'kuyambitsa nyimbo mofulumila, pamwamba kwambili moti amai analephela kuifikila, ndipo inayenda mopunduka mpaka vesi lachiwili. Ine ndinabwelela pa mphasa ndili ndi mantha amodzi okha, oti popanda Ameni pemphelo langa lafika kapena silinafike.

Potuluka anthu sanandigwile chanza monga ndinkalotela. Ankandiyang'ana n'kuyang'ana kumbali. Ndikudutsa pa gulu la amai pansi pa mthunzi ndinamva wina akuti, "Kodi mwanayu sanamuuzebe?" Wina anati shii. Mukudziwa chomwe ndinaganiza? Ndinaganiza kuti atata atumiza uthenga kuti akubwela, ndipo akulu akundibisila kuti ndidzadabwe. Ndinathamanga njila yonse kutsatila amama, omwe anali atatsogola kale, akuyenda mofulumila osacheuka, buku la nyimbo atalipana kukhwapa.

Masana amalume anabwela kwathu osavula n'komwe jekete la ku tchalitchi. Ndinakonzeka kukwapulidwa, koma anandidutsa ngati sanandione. Anaitanila amama kuseli kwa nkhokwe. Ndinamva zidutswa chabe. Amalume ankati, "Ndinakuuzani kale, mlongo wanga, onani lomba zomwe zachitika." Amama ankati, "Mlekeni mwanayo akuleko." Amalume ananenanso zina zokhudza manyazi ndi mpingo, ndipo amama, omwe sindinawamvepo akukweza mau kwa mlongo wao, anati, "Manyaziwo ndi anga, si anu." Amalume anachoka osatsazika. Amama anabwela n'kundituma kumjigo, ngati palibe chachitika.

Lolemba aphunzitsi sanatchule za mathelo omwe ndinakana kuchotsa. Tsiku lonse ankapewa maso anga. Poweluka anandiitana, n'kuima akusewela ndi choko m'manja mpaka zala zinayela. Ndikuganiza kuti wina anali atawakhazika pansi pambuyo pa mapemphelo. "Nkhani yako inali yabwino," anatelo. "Ine ndiye sindinafunse kuti nsapatozo n'za ndani." Ndinadabwa kuti munthu wamkulu akupepesa chiyani. Lachisanu lotsatila sanatiwelengele kankhani, tinachita samu.

Zoona zake ndinadzazimva patapita zaka, ndili ku sekondale ku Petauke, ndipo anandiuza ndi amalume omwewo, tsiku lomwe anandipelekeza pa njinga kukakwela basi. Atata anakwatila mkazi wina ku migodi chaka chachiwili atachoka. Anatumiza mau kudzela mwa munthu wa m'mudzi mwathu amene ankagwila naye nchito, kuti amama asawadikile. Nkhani inakambidwa pa bwalo la akulu a mpingo, dzina la atata linachotsedwa m'buku la mpingo, ndipo pofika Sondo ija anali ndi ana kumeneko. Mudzi wonse unkadziwa, ogulitsa nthochi onse ankadziwa, ngakhale mtsikana woseka m'chitenje uja ankadziwa. Ndiye ine ndinaimilila kutsogolo n'kuonetsa anthu onsewo amai anga akupukuta nsapato za mwamuna amene anawataya, n'kulengezanso kuti akubwela pa Khilisimasi.

Kwa zaka zambili ndinali kumbali ya aphunzitsi, ndipo mbali ina ndikadali komweko. Lelo ndimalembela ana a Sande sukulu tinkhani tao, ndipo ndikaona mwana walemba kuti munthu wina anali ndi chikhulupililo chachikulu, dzanja limandiyabwa kufuna bolopeni yofiila. Zomwe anandiphunzitsa mnyamata uja n'zoona, nkhani yopanda manja ndi yakufa. Koma amalume ndinawaweluza molakwa. Ndinkati ndi munthu wosadziwa kukoma kwa nkhani, wokonda mau aakulu opanda kanthu. Ayi ndithu, ankadziwa bwino lomwe mphamvu ya nsapato zija, anaimva msanga kuposa aphunzitsi, n'chifukwa chake khasu linaima. Galileya wao uja anali chitenje chofunditsa mlongo wao. Chomwe chimandipsetsabe mtima n'chakuti akanangondiuza! Munthu wotha kupemphela kuyambila kwa Abulahamu analephela mau awili kwa mwana wa mlongo wake. Koma nanga akanandiuza bwanji, mwini wake, amama, atakana?

Mvula yoyamba inagwa Lachisanu lotsatila Sondo ija, yamphamvu, ya mabingu, mpaka madzi analowa m'kalasi. Pa Chiwelu kunacha kukununkha dothi lonyowa, inswa zili mbuu pa bwalo, mudzi wonse ukuthamangila ku minda ndi mbeu. Amama anali atamanga kale chitenje m'chiuno, khasu pa phewa, kathumba ka chimanga chobzala m'manja. Ine ndinatuluka m'nyumba ndi nsapato zija monga mwa masiku onse, n'kuziika pa khonde.

Anaima. Anayang'ana nsapato, anayang'ana njila ya kumunda komwe anzao anali atapita kale, kenaka anayang'ana ine. Amai ena awili ankadutsa pa njila ndi makasu, ndipo anachepetsa liwilo kuti aone. Amama anatsitsa khasu, anaika kathumba pansi, anatenga kachitini ka nsatsi, n'kukhala poyela pomwe amai aja akanatha kuona bwino. Anawapatsa moni mokweza. Kenaka analowetsa dzanja m'nsapato ya kumanzele n'kuyamba kupaka.

"Unalemba bwino, mwana wangu," anatelo, maso ali pa nsapato. Aka kanali koyamba kutchula za nkhani ija. "Zonse unaziona. Koma m'nkhani mwako mwana mulibe. Nsapatozo zimabwela zokha pa khonde?"

Ndinaseka. Ndinawafotokozela monyada, ngati munthu wophunzila akuthandiza wosaphunzila, kuti mwana analimo koma aphunzitsi anati ndimuchotse, chifukwa sachita kalikonse, amangoima n'kumayang'ana, ndipo munthu wopanda nchito m'nkhani amangodya malo.

"Oho," anatelo amama. Anauzila fumbi m'timabowo ta zingwe, n'kutenga inzake.

Sindinamve chomwe ankandifunsa. Sindikanatha kumva kuti pa khonde lija munthu wodikila basi anali mmodzi yekha, ndipo ndi yemwe ndinamuchotsa m'nkhani. Amama sankapukutila nsapato mwamuna wa ku migodi. Ankapukuta chifukwa pa Chiwelu chilichonse kamtsikana kankabwela nazo m'manja, ndipo analolela kusekedwa ndi mpingo wonse kusiyana n'kukauza kuti kazibweze. Atatha anapukuta zala ku chitenje n'kundipatsa. "Kaike," anatelo, n'kutola khasu lao. Ndinaziika m'mphepete mwa khonde zitaloza kumseu, ndipo ndisanaongoke n'komwe hutala inalila ku chitunda, ine n'kuliyatsa liwilo.